Madzi ndi suweji mumzinda wa Lincoln ku England: mafunso ndi mayankho

Kodi madzi a m'mipopi anayamba bwanji ku Lincoln?

Anayamba ndi kampani yomwe siinali ya boma, m'zaka za m'ma 1840. Kampaniyo inakumba dziwe la Hartsholme kuti izisungiramo madzi, ndipo mu 1871 khonsolo ya mzindawu inagula ntchito yonseyo. Anthu atachuluka, dziwelo linayamba kuperewera, choncho ankapopanso madzi a mumtsinje wa Witham, omwe ankafika mumzindawu atalandira kale zonyansa za anthu okhala kumtunda. Madziwo ankasefedwa ndi mchenga, ndipo akuluakulu a khonsolo ankakhulupirira kuti zimenezo n'zokwanira.

Nanga n'chiyani chinasintha zinthu?

Unali mliri wa taifodi umene unabuka kumapeto kwa 1904 n'kupitirira mpaka 1905. Anthu oposa 1,000 anadwala ndipo oposa 100 anamwalira, mumzinda womwe sunali waukulu n'komwe. Mipopi imene anthu ankainyadira ndi yomwe inkalowetsa matenda m'nyumba, moti mabanja anasiya kuikhulupirira n'kumadikirira pamsewu ndi zidebe kuti atunge madzi obwera pangolo. Katswiri wa tizilombo toyambitsa matenda, Alexander Houston, anayamba kuthira mankhwala a klorini m'madziwo mu 1905. Pa chifukwa chimenechi, Lincoln amatchulidwa kawirikawiri ngati malo oyamba ku Britain kumene klorini ankathiridwa mosalekeza m'madzi akumwa a mzinda wonse.

Komabe khonsolo inaona kuti mankhwala okha sangachotse mantha a anthu. Inakumba zitsime zakuya ku Elkesley, m'dera la Nottinghamshire, pamtunda wa makilomita pafupifupi 35, ndipo madzi ake anafika mumzinda mu 1911. Pamwamba pa phiri, kufupi ndi tchalitchi chachikulu, anamangapo nsanja ya Westgate yokhala ndi thanki m'kati mwake, kuti madzi azitsika okha kupita m'nyumba. Katswiri wojambula mapulani a nyumba, Reginald Blomfield, anaijambula ngati nsanja ya linga lakale, moti mlendo wosadziwa sangaganize kuti m'katimo muli madzi.

Kodi khonsolo ikuyendetsabe ntchitoyi?

Ayi. Lamulo la madzi la 1973 linachotsa ntchito za madzi ndi suweji m'manja mwa makhonsolo a ku England ndi Wales n'kuzipereka kwa mabungwe khumi, ndipo malire a bungwe lililonse ankatsatira mitsinje, osati maboma aang'ono. Maganizo ake anali omveka ndithu: amene akutaya zonyansa kumtunda ndi amene akutunga kumunsi ayenera kukhala pansi pa woyang'anira mmodzi. Lincoln inalowa m'bungwe la Anglian mu 1974, ndipo mu 1989 mabungwewo anagulitsidwa n'kukhala makampani. Kuyambira pamenepo, bungwe la Ofwat lakhala likuunika mitengo pakatha zaka zisanu zilizonse, pamene Drinking Water Inspectorate imayang'anira ukhondo wa madzi akumwa.

Paipi ya suweji ikatsekeka, amakonza ndani?

Funso limeneli linkadanitsa anthu oyandikana nyumba kwa zaka zambiri, chifukwa paipi imodzi inkatha kudutsa kuseri kwa nyumba zingapo popanda wodziwa mwini wake weniweni. Kuyambira pa 1 Okutobala 2011, mapaipi ogwiritsidwa ntchito ndi nyumba zingapo, komanso gawo la paipi limene latuluka kunja kwa malire a poloti, anakhala a kampani ya madzi, bola akhale olumikizidwa ku suweji ya onse. Mwini nyumba amasamalira gawo lokhalo limene lili m'poloti mwake ndipo limachotsa zonyansa za nyumba yake yokha. Amene ali ndi thanki yakeyake ya zonyansa sanakhudzidwe ndi kusinthaku.

Kodi munthu akalephera kulipira bilu amamudulira madzi?

Ngati ndi nyumba yokhalamo anthu, sangamudulire. Lamulo la 1999 linaletsa makampani kudula kapena kuchepetsa madzi a m'nyumba chifukwa cha ngongole. Ngongoleyo siifafanizidwa, ndipo kampani ili ndi ufulu wopita kukhoti kukaitolera, koma mpopi umakhalabe wotsegula.