Woyang'anira database: ntchito ili kuti, nanga m'thumba mumatsala zingati?

Mlimi wa ku Katete akamatenga feteleza wa FISP, dzina lake ndi nambala ya NRC zimafufuzidwa mu ZIAMIS, kaundula wa boma wa alimi wa pa kompyuta. Mayi akapita ndi mwana kusikelo, namwino amatsegula SmartCare, pulogalamu yosungira mbiri ya odwala. Mdzukulu ali ku Kitwe akatumizira agogo ake ku Chadiza ndalama pa Airtel Money kapena MoMo, pali penapake pamene palembedwa kuti zachoka kwa uje, zalowa kwa uje. Zonsezi zimasungidwa mu database, nkhokwe ya pa kompyuta yosungiramo zolembedwa mwadongosolo, ndipo alipo munthu wolipidwa kuti zisasowe, zisabedwe ndiponso zisamachedwe kutseguka. Ameneyo ndiye database administrator, mwachidule DBA.

Makolo ndi achinyamata akamandifunsa za ntchitoyi amathamangira pa malipiro. Ine ndimayambira pa malo. Nthambi ya banki imene mumaima pamzere muno mu Chipata ilibe database yakeyake. Makompyuta ake amalumikizana ndi seva, makompyuta akuluakulu osungira zinthuzi, za kulikulu. N'chimodzimodzinso ZRA, NAPSA ndi makampani a mafoni. Choncho malonda a ntchito olembedwa kuti "Database Administrator" ambiri amakhala a ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 550 pa Great East Road, ena a ku Copperbelt. Kuno kum'mawa ntchitoyi ilipo, koma imabisala m'maudindo ena: ICT officer wa kukhonsolo, data officer wa bungwe la zaumoyo, kapena wosunga kaundula wa alimi ku kampani yogula thonje, fodya kapena soya. Munthu yemweyo akonze printa m'mawa, masana athamangire intaneti, madzulo ndiye akumbukire database. Malipiro ake amatsata udindo wolembedwa pa kalata, osati kulemera kwa zimene wanyamula.

Chimene chimakweza mtengo wa DBA ndi kukula kwa chitayiko zinthu zikaima. Database ya banki ikagona ola limodzi pa mapeto a mwezi, makadi amakana m'masitolo dziko lonse, ndiye banki imalolera kulipira bwino munthu wodziwa mapulogalamu a database monga Oracle kapena SQL Server amene angaidzutse pakati pa usiku. Kaundula wa kakampani kakang'ono akaima tsiku lathunthu, anthu amangolemba m'kope n'kudikira mawa. N'chifukwa chake anthu awiri a digiri imodzi ya ku UNZA kapena ku CBU amatha kusiyana malipiro kutalitali.

Akakutchulirani ndalama pa intavyu, funsani ngati ndi gross (zisanadulidwe) kapena net (zotsala atadula msonkho ndi zina), pakuti ambiri amakhumudwa ndi payslip yoyamba. Tiyerekeze kuti akulonjezani K15,000 pamwezi, yonse ngati basic. Potsata magawo a PAYE amene anayamba mu 2024, K5,100 yoyamba sidulidwa msonkho; kuchokera apo kufika K7,100 amadula 20 peresenti, kufika K9,200 amadula 30, ndipo yotsala pamwambapo 37. Msonkho wonse ukwana K3,176. NAPSA itenga 5 peresenti, yomwe ndi K750, NHIMA 1 peresenti, K150. M'manja mufika K10,924. Tsopano chotsanipo lendi ya ku Lusaka ndi minibasi za tsiku ndi tsiku, muone ngati ikuposadi ndalama yocheperapo ya ntchito ya kuno, kumene ufa ndi ndiwo zina zimachokera kumudzi. Mabungwe oyendera thandizo lakunja amalipira bwinoko, koma ndi kontrakiti ya chaka kapena ziwiri, ndipo thandizolo likaduka ntchito imathera pomwepo.

Kodi kufunika kwa anthuwa kukukula? Inde, koma osati mmene ena amakokomezera. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limakakamiza mabungwe kusamala zinsinsi za anthu, ndipo limafuna kuti zambiri mwa izo zisungidwe pa seva za m'Zambia momwe muno. Apa pakufunika manja. Mbali inayi, AWS ndi Azure, seva zobwereka pa intaneti za Amazon ndi Microsoft, zikuchita zokha ntchito zina zimene DBA wongoyamba ankadyerapo kale. Wodziwa kungoika pulogalamu n'kudina mabatani, msika wake ukuchepa. Wodziwa mozama SQL (chilankhulo cholamulira database), Linux (pulogalamu yoyendetsera seva), pang'ono za Python (chilankhulo cholembera mapulogalamu) ndi chitetezo, ameneyo akufunidwa, ngakhale ndi makampani akunja olemba anthu ogwirira kunyumba. Kungoti amene anaona mmene malaiti ankapitira mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, akudziwa kuti popanda sola ndi inveta ntchito yotereyi siyenda.

Poyambira sipafuna ndalama zambiri. Mapulogalamu a database a PostgreSQL ndi MySQL ndi aulere, amalowa pa laputopu wamba. Pemphani kukonza kaundula wa kopaletivu kapena wa sukulu ya kwanu, ndipo phunzirani kubweza backup (kope la database losungidwa padera), osati kungoipanga. Backup yosayesedwa ili ngati nkhokwe yomwe simunasuzumiremo chikololereni: tsiku la njala mupeza anankafumbwe anamaliza kale. Wofunsa mafunso wodziwa ntchito amafuna kumva kuti munabwezapo database yowonongeka, ndipo zinatenga nthawi yotani.

Lembetsaninso ku ICTAZ, bungwe la akatswiri a zamakompyuta m'Zambia, chifukwa lamulo la 2018 limafuna kuti ogwira ntchito za ICT akhale m'kaundula wake, ndipo olemba ntchito ambiri amafunsa satifiketi yake. Musanasaine kalata, funsani ngati pali alawansi ya on-call (yokhala tcheru kuitanidwa kunja kwa nthawi ya ntchito), ndiponso ndani amagwira foni ya usiku inu mukapita kumaliro kumudzi.