Macheke awiri a ku Ballito

Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi tinakhala pakhonde kwa amalume ku Mufakose, mu Harare, tikudikira nsima. Mdzukulu wawo wamkazi, amene ali mu timu yosambira ya kusukulu kwawo, anagwada n'kuwapatsa foni kuti aone chithunzi. Amalume anavala magalasi, anaiika foniyo patali pang'ono, n'kuyang'anitsitsa. Pachithunzipo panali mnyamata ndi mtsikana ataima limodzi, aliyense atanyamula cheke chachikulu cha katoni. Cha mnyamata chinalembedwa marandi 8,000, cha mtsikana 4,000.

"Agogo, onsewa anapambana, tsiku limodzi, nyanja imodzi," anatero mwanayo.

"Ndiye kuti pali chifukwa chake, mwanangu. Anthu sangangogawa choncho," anayankha amalume.

Chifukwacho chinaperekedwadi, ndipo ndi chimene chandichititsa kulemba. Chithunzichi chinajambulidwa mu June 2018 ku Ballito, kumpoto kwa Durban, pa mpikisano wa achinyamata wa masewera okwera mafunde, aja amati surfing, pamene munthu amaimirira pa thabwa n'kumatsetsereka ndi funde. Mnyamatayo ndi Rio Waida wa ku Indonesia, mtsikanayo ndi Zoe Steyn wa ku South Africa. Anthu atakwiya pa intaneti, oyendetsa masewerawa anati ndalama zimagawidwa potengera chiwerengero cha opikisana, ndipo anyamata anali ochuluka kuwirikiza kawiri. Amalume atamva zimenezi anagwedeza mutu kuvomereza. Ine sindikuvomereza, chifukwa kuchepa kwa atsikanawo sikunagwe kumwamba. Kuli ndi mbiri yake.

Ku Hawaii, kumene masewerawa anakhwimira, akazi ankakwera mafunde kuyambira kalekale, amfumukazi ndi anthu wamba omwe. Amishonale a ku America atafika mu 1820 sanakondwe kuona amuna ndi akazi ali limodzi m'madzi osavala mokwanira, kwinaku akubetcherana. Matenda obwera ndi alendo anapululanso anthu ambiri, ndipo mwambowu unazilala. Sunatheretu: mwana wamkazi wa ku banja lachifumu, Kaʻiulani, ankakwerabe mafunde chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Kenako Duke Kahanamoku, katswiri wosambira wa ku Hawaii, anaufalitsa kunja, ndipo mu 1915 ku Sydney anakwera thabwa limodzi ndi mtsikana wachichepere, Isabel Letham, yemwe a ku Australia amamukumbukirabe.

Zinthu zinapotoka pamene ndalama zinalowa. Mpikisano wa dziko lonse wa akatswiri olipidwa unayamba mu 1976 uli wa amuna, ndipo wa akazi unatsatira mu 1977, Margo Oberg n'kukhala katswiri woyamba. Koma akazi a m'zaka za m'ma 1980 amafotokoza chinthu chimodzimodzi: mafunde akakhala abwino m'madzi munkalowa amuna, mphepo ikatembenuka nyanja n'kusokonekera, kapena oonerera akapita kukadya, ndiye ankaitana akazi. Aliyense amene anakhalapo kunyanja kwathu ku Malawi amadziwa kuti madzi a m'mawa ndi ena, a mwera ndi ena. Ukamupatsa munthu madzi oipa kenako n'kumati taonani sakutha, wamulakwira kawiri. Makampani ankaona zimenezo n'kumati akazi sakopa anthu, thandizo lawo n'kupita kwa amuna. Mtsikana wopanda thandizo sakanatha kulipira ndege yopita ku Hawaii kapena ku France, ndiye ambiri ankangosiya.

Ngakhale zinali choncho, Wendy Botha, wobadwira ku East London m'dziko la South Africa, anakhala katswiri wa dziko lonse kanayi, mu 1987, 1989, 1991 ndi 1992. Koma nkhani imene imandikhudza mtima ndi ya Pauline Menczer wa ku Australia. Anapambana mu 1993 akuvutika ndi nyamakazi yoopsa, alibe kampani yaikulu yomuthandiza. Pa ukatswiriwo sanalandire ndalama ya mphoto, ndipo chikho chimene anam'patsa chinali chothyoka. Pambuyo pake anakhala dalaivala wa basi ya ana asukulu. Mu 2021, patapita zaka 28, anthu wamba ndi amene anasonkha ndalama kuti am'patse mphoto yake. Nditafotokoza zimenezi azakhali anatulukira pakhomo la khitchini, mthiko uli m'manja, n'kunena kuti, "Achimwene, mwamva? Chikho chothyoka." Amalume sanayankhe.

Panalinso kuwatsekereza kumafunde aakulu ponamizira kuwateteza. Teahupo'o wa ku Tahiti, funde lolemera limene limaswekera pamiyala yakuthwa, anachotsedwa pa ndandanda ya akazi mu 2006 pamene amuna anapitiriza, ndipo akazi anabwererako mu 2022. Ku California mpikisano wa Mavericks unakhala zaka zambiri osaitana mkazi. Mu 2016 Bianca Valenti, Paige Alms, Keala Kennelly ndi Andrea Moller anagwirizana, ndipo nzeru yawo inali yakuthwa: gombelo ndi la anthu onse, chilolezo chochitira mpikisano chimachokera ku boma, ndiye anakadandaula kwa opereka chilolezowo. Boma linati chilolezo chituluka pokhapokha akazi alowe, kenako linawonjeza kuti mphoto ikhale yofanana. Chaka chomwecho cha 2016 Paige Alms anapambana mpikisano woyamba wa akazi wa mafunde aakulu ku Pe'ahi, pachilumba cha Maui.

Choncho chithunzi cha ku Ballito chinagwera pa moto woyaka kale. Mu September 2018 bungwe la World Surf League, motsogozedwa ndi Sophie Goldschmidt, linalengeza kuti kuyambira 2019 mphoto zidzakhala zofanana m'mipikisano yonse imene limayendetsa. Mu February 2020 Maya Gabeira wa ku Brazil anakwera funde la mamita 22.4 ku Nazaré, m'dziko la Portugal, malo omwewo amene anatsala pang'ono kumira mu 2013. Masewerawa atalowa mu Olimpiki ya ku Tokyo, amuna anali 20, akazi 20. Carissa Moore wa ku Hawaii anatenga golide, ndipo siliva anapita kwa Bianca Buitendag wa ku South Africa. Mu Olimpiki ya 2024 akazi anapikisana pa Teahupo'o yemwe uja, n'kupambana Caroline Marks. Komabe mpaka 2025 mpikisano waukulu wa chaka ndi chaka unkakhala ndi malo 36 a amuna, 18 a akazi.

Wina angafunse kuti ife a ku Harare, kopanda nyanja ya mchere, zikutikhudza bwanji. Golide woyamba wa Zimbabwe ku Olimpiki anabwera ndi akazi a hockey mu 1980 ku Moscow. Kirsty Coventry, mwana wa mzinda uno, anatenga mamendulo 7 posambira, ndipo mu March 2025 anasankhidwa kutsogolera komiti ya Olimpiki ya dziko lonse, mkazi woyamba komanso munthu woyamba wa mu Africa. Koma m'makomo mwathu muno mnyamata akaweruka kusukulu amathamangira ku mpira, mlongo wake akutsuka mbale ndi kukatunga madzi ku mjigo. Bambo wa amalume anachokera ku Nkhotakota, kumene bwato linali la amuna, akazi n'kumadikira usipa pamchenga, ndipo maganizo amenewo tinayenda nawo mpaka kuno.

Nsima itafika amalume anasamba m'manja, koma asanateme mbamu anatembenukira kwa mdzukulu wawo. "Iwe, mpikisano wanu uja uli liti?" Mwanayo anati Loweruka la sabata yomweyo. Amalume anafunsa mtengo wa kombi yopita m'tauni, kenako anati awaonetsenso mayi wa ku Brazil uja akutsika pa funde lija.