Maseru, 1998: mnansi wamkulu atalowa ndi mfuti

Nthawi ya mademo a 2019, misewu ya ku Lilongwe ndi ku Mzuzu itadzaza utsi wa matayala, Amalawi ambiri kuno ku Joni tinkagona ndi foni m'manja. M'magulu athu a WhatsApp ena ankafunsa kuti South Africa, dziko la asilikali ambiri ndi ndege zankhondo, ikudikira chiyani osapita kukakhazikitsa bata. Ena ankawabweza ndi mwambi woti nyumba ya mwini saotchera mbewa. Mkangano umenewu umabuka nthawi zonse kukavuta ku Zimbabwe, ku Eswatini kapena ku Mozambique. Koma otsutsanawo ambiri sadziwa kuti South Africa inayesapo kale zimenezi, ndipo inayesera m'dziko la Asutu, anzathu amene timachita nawo lendi m'mayadi amodzi ku Rosettenville ndi ku Diepsloot, amene makolo awo ankatsika mgodi limodzi ndi agogo athu a pa Wenela ndi pa Teba.

Lesotho ndi dziko laling'ono, kukula kwake ngofanana ndi Chigawo cha Kummwera kwathu, ndipo anthu ake amangopitirira pang'ono 2 miliyoni. South Africa yalizungulira mbali zonse. Msutu akafuna kutuluka m'dziko lake pagalimoto, alibe njira ina koma kudzera pa chipata cha South Africa. Ndalama yawo, loti, imayenda limodzi ndi randi, ndipo randi imagula bwinobwino m'misika ya ku Maseru. Dzikoli lilipo chifukwa cha nzeru za mfumu Moshoeshoe woyamba, amene anasonkhanitsa anthu ake pa phiri la Thaba Bosiu mu 1824. Mabunu a ku Orange Free State atamulanda minda yambiri yachonde, iye anapempha chitetezo kwa Angelezi, ndipo anachipeza mu 1868. N'chifukwa chake Lesotho sinamezedwe pamene South Africa inkapangidwa mu 1910. Ufulu wodzilamulira inalandira pa 4 Okutobala 1966, zaka ziwiri pambuyo pa ife.

Boma la tsankho la ku Pretoria silinkadikira kuitanidwa. Pa 9 Disembala 1982 asilikali ake analowa mu Maseru usiku kukasaka anthu a ANC amene anathawira kumeneko, n'kupha anthu 42. Mwa iwo 12 anali Asutu. Mu Januwale 1986 anatseka malire, chakudya ndi mafuta n'kuyamba kusowa, ndipo pa 20 Januwale mkulu wa asilikali Justin Lekhanya analanda boma kwa nduna yaikulu Leabua Jonathan. Jonathan naye sanali woyera m'manja, pakuti anakana kuchoka pampando atagonja pa chisankho cha 1970. Koma taonani chimene chinatsatira: mu Okutobala chaka chomwecho cha 1986, boma latsopano la asilikali linasaina pangano lotumiza madzi a m'mapiri a Lesotho ku South Africa.

Za madziwa ndi zofunika kuzimvetsa, chifukwa Msutu aliyense amene mungakambe naye za 1998 amafika pamenepa. Johannesburg inamangidwa pa mtunda chifukwa cha golide, ndipo ilibe mtsinje waukulu. Pa mtsinje wa Malibamatso ku Lesotho anamangapo damu la Katse, lokhala ndi khoma lotalika mamita 185. Madzi ake amadutsa m'ngalande zoboola pansi pa mapiri, zotalika makilomita oposa 80, n'kukatulukira mu mtsinje wa Ash pafupi ndi Clarens. Kuchoka apo amatsetsereka mpaka ku damu la Vaal, kumene bungwe la za madzi la Rand Water limawapopa kubwera nawo kuno. Mlongo wathu amene amachapa m'nyumba za ku Sandton ndi mchimwene amene amathirira kapinga ku Randburg amagwira madzi a m'mapiri a Lesotho tsiku ndi tsiku. Madziwa anayamba kubwera kumayambiriro kwa 1998, miyezi yochepa zinthu zisanasokonekere ku Maseru.

Lesotho inabwerera ku ulamuliro wa zipani mu 1993, ndipo chipani cha BCP cha Ntsu Mokhehle chinatenga mipando yonse 65 ya m'nyumba ya malamulo. Mu Ogasiti 1994 mfumu Letsie III inachotsa bomalo. Nelson Mandela, Robert Mugabe ndi Ketumile Masire wa ku Botswana analowererapo ndi mawu ndi chiopsezo, ndipo patangotha pafupifupi mwezi umodzi boma linabwerera m'malo mwake popanda msilikali wakunja kuwoloka malire. Ndimakhulupirira kuti kuphweka kwa nkhani ya 1994 kunapusitsa akuluakulu a ku Pretoria, n'kumaganiza kuti Asutu amangofunika kuwakwezera mawu.

Chisankho cha Meyi 1998 ndi chimene chinayatsa moto. Chipani cha LCD, chimene Mokhehle anayambitsa atapatukana ndi anzake mu 1997, chinapeza mavoti pafupifupi 60 pa 100 alionse, koma chinatenga mipando 79 mwa 80. Chipani cha BNP chinavoteredwa ndi munthu mmodzi mwa anayi alionse, n'kupeza phungu mmodzi yekha. Masamu amenewa amatheka popanda kubera, chifukwa dera lililonse limatengedwa ndi amene waposa anzake ngakhale ndi voti imodzi, monga timasankhira aphungu kwathu. Koma kwathu zipani zili ndi zigawo zake zimene zimadalira, ndiye mipando imagawikana yokha. Ku Lesotho anthu ndi a mtundu umodzi ndi chilankhulo chimodzi, choncho chipani chikatsogola chimatsogola paliponse. Munthu amene waima padzuwa tsiku lonse kuti avote, n'kupeza kuti m'nyumba ya malamulo mulibe womuyankhulira, simungamuuze za masamu. Amangoti amubera.

Otsutsa anakamanga misasa pa chipata cha nyumba ya mfumu kuyambira mu Ogasiti, kupempha kuti ichotse boma la nduna yaikulu yatsopano, Pakalitha Mosisili. SADC inatumiza gulu lofufuza lotsogoleredwa ndi Pius Langa, woweruza wa khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, lomwe lili kuno ku Braamfontein. Lipoti lake linachedwa kutuluka, mphekesera n'kufala kuti akulisintha, ndipo litatuluka linanena kuti zolakwika zinalipo koma sizinali zokwanira kufafaniza chisankho. Palibe mbali imene inakhutira. Mu Seputembala asilikali ang'onoang'ono anaukira akuluakulu awo, n'kuwatsekera ena ndi kukakamiza mkulu wa asilikali kutula pansi udindo. Maofesi a boma anatsekedwa, magalimoto a boma n'kumalandidwa mumsewu. Mosisili analemba makalata kwa atsogoleri a SADC kupempha thandizo la asilikali.

M'bandakucha wa pa 22 Seputembala 1998 asilikali a South Africa pafupifupi 600 anawoloka mtsinje wa Caledon kulowa mu Maseru. Mandela anali ku America, wachiwiri wake Thabo Mbeki nayenso anali kunja, ndipo amene ankagwirizira mpando wa pulezidenti anali Mangosuthu Buthelezi, nduna ya za m'dziko. Ntchitoyi anaitcha Operation Boleas, n'kunena kuti ndi ya SADC. Koma asilikali 200 a ku Botswana, amene akanaonetsa kuti ndi ya mayiko angapo, anafika mochedwa, dzuwa litapendeka kale. Chimene anthu a ku Maseru anaona m'mawa umenewo ndi magalimoto ankhondo a dziko lomwe lija linawaphera abale awo mu 1982. Mbendera inali itasintha mu 1994, koma magalimotowo ndi ena mwa owatsogolera anali otsala a gulu lankhondo lakale.

Olowawo ankayembekeza kuti asilikali oukirawo angotula mfuti pansi. Sizinatero. Ku kampu ya Makoanyane kunamenyedwa nkhondo yeniyeni. Gulu lina linatsika ndi mahelikopita ku damu la Katse, kutali ndi Maseru, kumene kunalibe mademo, ndipo asilikali a Lesotho oposa khumi amene ankalondera damulo anaphedwa. Pamene zonsezi zinkachitika, pakati pa tauni panalibe womuletsa mnzake. Masitolo a mumsewu waukulu wa Kingsway anathyoledwa n'kuotchedwa, makamaka a makampani a ku South Africa, ndipo moto unafika mpaka ku Mafeteng ndi ku Mohale's Hoek. South Africa inataya asilikali osachepera 8, ndipo Asutu amene anafa, asilikali ndi anthu wamba, anali makumi angapo. Anthu zikwizikwi anadzuka opanda ntchito chifukwa malo awo antchito anasanduka phulusa.

Pali mkulu wina wachisutu amene amalondera pa geti pafupi ndi pamene ndimagwira ntchito. Nyengo yozizira amafunda bulangeti lake lolemera lija pamwamba pa yunifomu, atalimanga ndi pini wamkulu paphewa, ndipo ife timamutcha ntate monga amatchulirana kwawo. Iyeyo sakana kuti asilikali oukira aja anali olakwa. Chimene chimamupweteka ndi Katse. Amafunsa kuti ngati anabwera kudzateteza mavoti a Asutu, anathamangira kudamu kukatani tauni ikupsa? Boma la South Africa linkayankha kuti malo ofunika otere sakanasiyidwa m'manja mwa asilikali ogalukira. Ndi yankho lomveka, koma silimuchotsa ntate maganizo oti mnansi anayamba wateteza zake.

Panalinso funso la chilolezo. Mfumu Letsie III, amene ndi mutu wa dziko, sanapemphe asilikaliwo. Msonkhano wa atsogoleri onse a SADC sunakhale pansi kuvomereza ntchitoyi isanayambe, ndipo nthawi imeneyo Mandela ndi Mugabe ankakokanakokana pa za amene ali ndi mphamvu pa nthambi ya SADC yoona za chitetezo. Mwezi umodzi m'mbuyomo Zimbabwe, Angola ndi Namibia zinali zitatumiza asilikali ku Congo kukathandiza Laurent Kabila, South Africa ikunena kuti nkhani zotere zimatha ndi kukambirana.

Komabe sindingaime ndi amene amati South Africa ikanangopinda manja. Boma losankhidwa ndi anthu linali litatsala pang'ono kugwetsedwa ndi anthu onyamula mfuti, m'dziko limene linali litangotuluka mu ulamuliro wa asilikali zaka zisanu zapitazo. Chikanachitika, othawa akanadzaza matauni a m'malire a Ladybrand ndi Ficksburg, kenako kuno. Cholakwika chinali kalowedwe: asilikali ochepa, osadziwa bwino za kumene akupita, osawafotokozera eni dziko, ndiponso osadikira anzawo a ku Botswana.

Chimene chinachiritsa bala la 1998 chinabwera mfuti zitakhala chete. Zipani zonse zinakhala pamodzi m'bungwe la Interim Political Authority n'kusintha kasankhidwe ka aphungu. Mipando 80 ya madera inatsala, koma anawonjezapo 40 yogawidwa potengera mavoti amene chipani chapeza m'dziko lonse. Asilikali a Boleas anachoka mu Meyi 1999. Pa chisankho cha 2002 LCD inapambananso ndi mipando 77, koma BNP inalowa ndi aphungu 21, ndipo Maseru sinapse. Ena anganene kuti popanda asilikali aja zokambiranazo sizikanatheka, ndipo mwina akunena zoona. Ine ndimangoona kuti vuto la mipando 65 mwa 65 linaonekera kale mu 1993, ndipo anansi akanakakamira kusinthaku nthawi imeneyo, palibe mwazi ukanakhetsedwa.

Kwathu nkhani inayenda mwina. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, asilikali athu anateteza ochita zionetsero m'malo mowawombera, ndipo pa 23 Juni tinavotanso. Oonerera chisankho a SADC anali atachiyamikira chisankho cha 2019 chija. Mnansi akanabwera ndi mfuti mu 2019, akanabwera atapemphedwa ndi boma lomwe linali pampando, kudzateteza zotsatira zomwe makhoti athu anazitaya pambuyo pake. Amene amapempha thandizo nthawi zonse ndi wolamula, ndipo wolamula si nthawi zonse amakhala wolungama.

Onaninso kumene South Africa sinalowe. Mu 2008 anthu ankamenyedwa ndi kuphedwa ku Zimbabwe chifukwa cha mavoti, ndipo Mbeki anasankha kukambirana mwakachetechete mpaka pangano la boma la mgwirizano mu Seputembala chaka chimenecho. Mu 2021 asilikali a ku Eswatini anawombera ochita zionetsero, SADC n'kungotumiza nthumwi. Ku Zimbabwe kuli asilikali amphamvu oti sungawalowere chisawawa, ndipo ku Eswatini wolamula sanaitane aliyense.

Ku Lesotho nako mavuto sanathe, kungoti mnansi anaphunzira kulowa mwina. Pa 30 Ogasiti 2014 asilikali anazinga malikulu a polisi, nduna yaikulu Thomas Thabane n'kuthawira ku South Africa. Anabwerera ataperekezedwa ndi apolisi a kuno, ndipo SADC inatuma Cyril Ramaphosa kukhala mkhalapakati mpaka chisankho cha Febuluwale 2015. Mu Juni chaka chomwecho Maaparankoe Mahao, amene anakhalapo mkulu wa asilikali, anawomberedwa ndi asilikali anzake. Mu Seputembala 2017 mkulu wina wa asilikali, Khoantle Motšomotšo, anaphedwa mu ofesi yake. Apa SADC inatumiza gulu laling'ono la asilikali ndi apolisi ochokera m'mayiko angapo, Malawi ili m'gulumo, atavomerezedwa ndi atsogoleri onse. Anafika mu Disembala 2017, anachoka chakumapeto kwa 2018, ndipo panalibe nkhondo ngati ya ku Makoanyane.

Malamulo atsopano amene anayenera kuchotsa asilikali m'ndale analephera kudutsa m'nyumba ya malamulo chisankho cha Okutobala 2022 chisanachitike. Chipani chatsopano cha Sam Matekane chinapeza mipando 56 mwa 120 n'kupanga boma la mgwirizano. Patatha chaka, otsutsa atafuna kumuchotsa kudzera mu voti ya aphungu monga malamulo amalolera, akuluakulu a asilikali, a polisi ndi a ukazitape anatulutsa chikalata chimodzi chonena kuti salola kuti boma lisinthe mwa njira imeneyo.