Chuku cha m'mtedza ndi mbewu ya abambo: mavitamini angathandize mpaka pati?

Thumba la mtedza lochokera kumudzi likamatsika basi ku Park Station, mumzinda wa Johannesburg, limakhala litagona masiku awiri kapena atatu pansi pa katundu wa anthu, motentha, mwinanso litanyowa panjira. Likafika m'chipinda ku Rosettenville kapena ku Diepsloot timalikhazika pasimenti, m'pulasitiki yomanga pakamwa. M'miyezi ya mvula kuno, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, chuku sichifunanso china.

Chuku chotchedwa Aspergillus flavus chimatulutsa poizoni wa aflatoxin, amene anadziwika nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England mu 1960 chifukwa cha chakudya cha mtedza. Moto wa kukhitchini sumutha. Mukazinge, musinje, muwiritse ndiwo zotendera mpaka zipse, iye ali momwemo. Malamulo a dziko lino la South Africa salola kupitirira mamaikulogalamu 10 pa kilogalamu ya chakudya, n'chifukwa chake mu Febuluwale 2024 mitundu ingapo ya chiponde inachotsedwa m'masitolo. Koma nsinjiro zochokera kumudzi palibe amaziyeza.

Choyamba kuvulala ndi chiwindi, makamaka mwa munthu amene ali kale ndi matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B. Za kubereka, umboni wochuluka ndi wa nyama. Makoswe, atambala ndi nkhosa zamphongo zikamadya aflatoxin, mbewu imachepa, imayenda mofooka, yambiri imapunduka, ndipo homoni ya abambo yotchedwa testosterone imatsika. Pa anthu pali kafukufuku wamng'ono wa mu 1994 ku Benin City, ku Nigeria, amene anapeza poizoniyu mu umuna wa abambo 40 pa 100 aliwonse osabereka, pamene mwa obereka anali 8 okha. Izi sizitsimikiza kuti chuku ndicho chinawalepheretsa, komabe si nkhani yoti munthu n'kuiseka. Palinso zearalenone, poizoni wa chuku china cha m'chimanga, amene m'thupi amachita ngati mahomoni a amayi. Oweta nkhumba amamudziwa bwino.

Mavitamini akubwera bwanji pamenepa? Kakhungu ka mbewu ya abambo n'kodzaza mafuta osachedwa kuwonongeka, monga amachitira mafuta ophikira akakhalitsa padzuwa. Aflatoxin amafulumizitsa kuwonongekako. Vitamini E amakhala m'mafutamo n'kumawatchinjiriza, vitamini C amabwezeretsa mphamvu ya E, ndipo michere ya m'zakudya yotchedwa selenium ndi zinki n'njofunika popanga mbewu. Mu labotale, makoswe opatsidwa poizoni limodzi ndi mavitaminiwa amawonongeka pang'ono poyerekeza ndi anzawo.

Koma khoswe si bambo, ndipo vitamini sachotsa poizoni m'thupi. Kafukufuku wa ku America wa mu 2020, wa mabanja oposa 2,000, anapeza kuti kumwa folic acid (mtundu wa vitamini B) ndi zinki miyezi isanu ndi umodzi sikunathandize mbewu kapena kukweza chiwerengero cha ana obadwa. Wina wa mu 2011 anasonyeza kuti mapiritsi a vitamini E a 400 IU tsiku lililonse anakweza chiopsezo cha khansa ya prostate (kachiwalo ka abambo ka pansi pa chikhodzodzo) ndi 17 peresenti. Botolo lodula la kufamase likhoza kungokudyerani marandi.

Bambo amafunika mamiligalamu 15 a vitamini E patsiku, 90 a vitamini C, 11 a zinki, ndi mamaikulogalamu 55 a selenium. Gwafa mmodzi wamkulu akwanitsa C yense. Zinki ndi selenium muzipeza mu usipa, mazira, nyama ndi nyemba, ndipo ufa wa m'sitolo kuno amauthira zinki ndi folic acid mwalamulo kuyambira 2003. Nanga E? Mafuta a mpendadzuwa, mapeyala, ndi mtedza womwewo. Ndiye musausiye, ingousankhani.

Thirani mtedzawo palichero, pamalo owala, mbale imodziimodzi. Chotsani wofota, wosweka, wobooledwa ndi tizilombo, wakuda kapena wobiriwira mkati, ndi wowawa. Poizoni amaunjikana m'njere zochepa, choncho kusankha kumachotsa wambiri. Zoipazo tayani, kwathu ndizo ena amasinja kuti zisaoneke, n'chifukwa chake ndi bwino kupempha achibale atumize mtedza wathunthu osati nsinjiro. Auzeninso asawaze madzi pa makoko pofuna kuswa mosavuta. Sungani m'thumba lopita mpweya, pathabwa, kutali ndi khoma. Chimanga chokonola n'kuviika chimataya poizoni wambiri m'madeya ndi m'madzi, choncho madzi oviikirawo musaphikire.

Mbewu imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ipangike, motero zimene mwasintha lero zidzaoneka pakatha miyezi itatu. Ngati chaka chatha mukugona limodzi popanda kulera koma mimba osaoneka, pitani kukiliniki nonse awiri, osangotumiza mayi. Poyeza umuna amafuna mukhale masiku 2 mpaka 7 osagonana, ndipo kabotolo kafike ku labotale pasanathe ola, kosazizira. Muyezo wa 2021 wa WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, umayambira pa mbewu 16 miliyoni pa mililita, 42 peresenti yoyenda. Zikatsika amabwerezanso asanagamule, poti ngakhale malungo a mwezi watha amagwetsa chiwerengero. Pomwepo pemphani akuyezeninso hepatitis B.