Liwu loti "kala": lidachokera kuti, lidafika kuti

Mu 2025 dziko la Spain lidakumbukira kuti patha zaka 600 chifikireni Aroma (osati a mzinda wa Roma, koma mtundu uja ena amautcha ma Gypsy), anthu amene kumeneko amadzitcha Calé. Amawerengera kuyambira pa 12 Januwale 1425, tsiku limene mfumu Alfonso V ya ku Aragon idapatsa mmodzi wa atsogoleri awo kalata yomulola kuyenda m'dzikomo. Calé ndiye kuti "akuda", ndipo abale awo a ku Wales ndi ku Finland amadzitchulanso choncho: Kale, Kaale. Dzinali lidachokera ku India, ku liwu loti kāla la Chisanskrit, chilankhulo chamakedzana cha kumeneko.

Komatu m'nyimbo zamakedzana za Rigveda, zolembedwa zakale koposa za Chisanskrit, chinthu chakuda sichitchedwa kāla. Liwu la mmenemo ndi kṛṣṇa, lomwe lili pachibale ndi chorny wa Chirasha. Kāla adabwera pambuyo. Mundaka Upanishad, buku lachipembedzo la Ahindu, imatchula Kālī ngati limodzi mwa malilime asanu ndi awiri a moto wa nsembe, ndipo pofika nthawi ya ndakatulo yaitali ya Mahabharata liwuli linali litafala. Kṛṣṇa adafupika n'kukhala kaṇha m'Chipali, chilankhulo cha malemba akale a Abuda, ndipo lero amamveka makamaka m'dzina la mulungu, Kanha kapena Kanhaiya. Munthu wogula mchere wakuda pamsika wa ku Delhi amati kālā namak. Ku Bengal ndi ku Nepal amati kalo, ndendende monga Aroma.

Nanga mlendo wolanda malo a mwini mudziyu adachokera kuti? Akatswiri oyambirira a ku Ulaya ankamulumikiza ndi caligo, nkhungu m'Chilatini, ndi kēlis, banga m'Chigiriki. Thomas Burrow wa ku Oxford adaloza kummwera, ku zilankhulo za Chidravida, komwe Chitamil chili ndi kāḻ, kuda. Umboni umene ndimauona wolemera ndi katchulidwe. M'Chipali liwuli ndi kāḷa, m'Chimarathi kāḷā: l wake amatchulidwa lilime litapindikira kumbuyo, monga zimachitikira kawirikawiri m'Chidravida. Otsutsa amati l wotereyu amatha kumera yekha pakati pa mavawelo m'zilankhulo ngati Chimarathi, ndipo sakunama. Komabe mbali yawo imavutika kufotokoza chifukwa chake liwu loti ndi lamakolo likusowa m'zolembedwa zakale koposa. Ngati Burrow adalondola, ndiye kuti anthu amene Chisanskrit chidawapeza m'dzikomo ndiwo adachiphunzitsa liwu limene zidzukulu zake zikugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo iwowa satamandidwa mokwanira.

Aroma adalinyamula kudzera ku Persia ndi ku maiko olankhula Chigiriki. Mu 1782 Johann Rüdiger adayerekeza chilankhulo chawo ndi Chihindustani n'kusonyeza kuti nchochokera ku India. Chaka chotsatira mfumu Carlos III ya Spain idalamula kuti asiye chilankhulocho pamodzi ndi kavalidwe kawo. Galamala yake idafa kumeneko. Chotsala ndi mawu a Chiroma oyenda pa galamala ya Chisipanishi, ndipo amachitcha caló.