London Calling: Ng'oma ndi Besi Zimene Zinasintha The Clash

Chamba cha punk chitabuka ku London mu 1976, chinali chaphokoso, ndipo phokosolo linali ladala. Achinyamata anali atatopa ndi magulu akuluakulu a rock amene ankakoka nyimbo imodzi kwa mphindi 10 pofuna kuonetsa luso la zala. Iwo anati aliyense atha kunyamula gitala, n'kukuwa zimene zikumuwawa mumtima, nyimbo n'kutha m'mphindi ziwiri. Gulu la The Clash linabadwira m'chipwirikiti chimenecho. Joe Strummer ndi Mick Jones anali pa magitala ndi mawu, Paul Simonon pa besi. Simonon anali mwana wasukulu ya zojambulajambula, ndipo besi anaiphunzira gulu likuyamba kumene, Jones akumuonetsa poika zala.

Chimbale chawo choyamba, cha mu Epulo 1977, anachijambula m'masiku a kumapeto kwa sabata zitatu zokha, pa ndalama pafupifupi mapaundi 4,000. Koma pa 14 Disembala 1979 gulu lomweli linatulutsa London Calling, nyimbo 19 pa mbale ziwiri, momwe muli reggae, ska, rockabilly, soul, malipenga ndi limba. Zaka zitatu zinali zisanakwane. Olemba za nyimbo amakonda kunena kuti anyamatawa anakula nzeru, anaona dziko, anayenda ku America limodzi ndi katswiri wakale wa rock and roll Bo Diddley kumayambiriro kwa 1979. Zonsezo n'zoona. Koma ife amene timaswera m'situdiyo tikujambula oyimba timadziwa kuti gulu silisintha chamba chifukwa chongofuna. Limapita kumene woyimba ng'oma angathe kulifikitsa.

Pa chimbale choyamba ng'oma ankaimba Terry Chimes. Atachoka, mu 1977 momwemo, panalowa Topper Headon, mnyamata wokulira ku Dover amene makutu ake anazolowera jazz ndi soul. Kuti mumvetse kusiyana kwake, werengani 1, 2, 3, 4 mwakathithi. Mu punk mulibe mpata: ng'oma yaphazi ndi ng'oma yaing'ono zimalandizana mothamanga, gitala ikudzaza paliponse, besi ikungotsatira gitala pambuyo. Mu reggae ndi zosiyana. Kawirikawiri pa 1 woyimba ng'oma sagunda mwamphamvu, kulemera konse kumagwera pa 3, gitala imangodula pang'ono pakatikati, ndipo malo otsalawo ndi a besi. Kuthamanga n'kosavuta, mwana aliyense wamphamvu atha. Kusiya mpata osataya nthawi ndiye ntchito, chifukwa cholakwa chilichonse chimamveka poyera. Headon ankatha zimenezo, ndipo ankatha kuchoka pa reggae n'kulowa m'kadumphidwe ka jazz ka mu nyimbo ya Jimmy Jazz popanda kupunthwa.

Chikondi cha nyimbo za ku Jamaica sichinabwere ndi Headon ayi. Simonon anakulira ku Brixton ndi ku Ladbroke Grove, pakati pa mabanja ochokera ku zilumba za Caribbean, ndipo pa chimbale choyamba gululi linaimba kale Police and Thieves ya Junior Murvin. Koma mukaimvera lero, ndi reggae yoimbidwa ndi manja a punk, youma, yolimba msana. Yerekezani ndi The Guns of Brixton, imene Simonon analemba n'kuimba yekha pa London Calling. Apa besi ndiyo mwini nyimbo. Imayamba, imatsogolera, magitala amangoyenda m'mbali. Munthu amene mu 1976 sankadziwa poika zala tsopano akunyamula nyimbo yonse pa zingwe zinayi, chifukwa kumbuyo kwake kuli ng'oma yoti angaitsamire.

Chachiwiri chimene chinawasintha ndi chipinda. Chakumapeto kwa 1978 anasiyana ndi manijala wawo Bernie Rhodes, ndipo anataya malo awo oyesererapo ku Camden. Anapeza kachipinda kotchedwa Vanilla, ku Pimlico, pamalo pomwe panali galaja ya magalimoto. Kumeneko sankalola anzawo kubwera kudzaonerera, ndipo masana ankatuluka kukamenya mpira pabwalo lapafupi n'kubwereranso pa zida. Mfundo ya kutseka chitseko ndimaiona kuti ndi yaikulu. Woyimba amene anzake a punk akumuyang'ana sangayese nyimbo yachikondi kapena ya rock and roll yakale, amaopa kusekedwa. Paja gulu lomweli linali litaimba mu 1977 kuti za Elvis, Beatles ndi Rolling Stones zatha. Kuseri kwa chitseko anayamba kuimba nyimbo za anthu ena, zakale, zimene ankazikonda chamumtima, mpaka zala zinazolowera mayendedwe atsopano. Zina mwa zimene anajambula kumeneko zinadzatuluka mu 2004, ndipo mumamva gulu likufufuza, likulakwitsa, likubwereza.

Mu Ogasiti 1979 analowa mu Wessex Studios, ku Highbury, ndi pulodyusa Guy Stevens, amene kale ankagwira ntchito ndi gulu la rock la Mott the Hoople. Kampani yawo ya CBS sinakondwe, popeza Stevens ankadziwika ndi mowa. Nkhani zake ndi zotchuka: kuponya mipando, kuzunguza makwerero m'mwamba oyimba ali pakati pa nyimbo, kuthira vinyo m'piyano. Cholinga chake chinali choti oyimba aiwale kuti akujambulidwa. Chimbale chachiwiri, Give 'Em Enough Rope cha 1978, anachijambula ndi Sandy Pearlman wa ku America, munthu wobwereza chinthu chimodzi kambirimbiri mpaka chisalale, ndipo gulu linatuluka litatopa. Stevens ankafuna kugwira moto usanazime. Brand New Cadillac, nyimbo ya Vince Taylor ya 1959, anangoiimba potenthetsa manja, Stevens n'kunena kuti yatha. Atamuuza kuti ikuthamanga kwambiri chakumapeto, sanasamale.

Komabe ndimadandaula kuti nthano za mipando zimaphimba dzina la injiniya Bill Price. Misala ya pulodyusa sijambula ng'oma. Pamafunika munthu wodekha amene waika maikolofoni pamalo oyenera, amene tepi yake ikuzungulira pamene chinthu chabwino chikuchitika. Mverani nyimbo yoyamba, London Calling: magitala awiri akugunda pamodzi ndi ng'oma pa 1, 2, 3, 4 ngati asilikali pa perete, besi ikukwera ndi kutsika pansi pake, ndipo chida chilichonse chikumveka pachokha. Mu The Card Cheat anajambula zida kawiri n'kuzisanjikiza kuti nyimbo inenepe. Imeneyo ndi ntchito ya makutu ndi kuleza mtima.

Kodi pamenepa punk anaitaya? Ena ankatero kuyambira mu 1977 pamene gululi linasaina ndi CBS. Ine ndimakana. Ukali ulipobe, wangopeza mawu ambiri. Mutu wa chimbale unachokera ku mawu amene wailesi ya BBC inkayambira poulutsira maiko akunja pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo nyimboyo ili ndi mantha a ngozi ya nyukiliya ya ku Three Mile Island, ku America, ya mu Malichi 1979, komanso a kusefukira kwa mtsinje wa Thames. Spanish Bombs ikukumbutsa nkhondo yapachiweniweni ya ku Spain. Clampdown ikuchenjeza wachinyamata kuti ntchito ndi yunifolomu zingamusandutse wopondereza anzake. Ndipo anaumirira kuti mbale ziwirizo zigulitsidwe pa mtengo woyandikira wa mbale imodzi. Chikuto chimanena zonse ziwiri, ukali wa punk ndi chikondi cha nyimbo zakale: chithunzi cha Pennie Smith cha Simonon akuswa besi yake mu holo ya Palladium ku New York, mu Seputembala 1979, koma zilembo zapinki ndi zobiriwira zotengera chimbale choyamba cha Elvis Presley.

Nyimbo yomaliza, Train in Vain, inalowa mochedwa zikuto zitasindikizidwa kale, moti dzina lake silinalembedwe. Ndi imeneyo, nyimbo ya kusweka mtima yoyenda pa ng'oma yovinitsa ya Headon, imene inawalowetsa koyamba m'gulu la nyimbo 30 zapamwamba ku America.

Patatha chaka anatulutsa Sandinista!, mbale zitatu, nyimbo 36, ndipo m'kuona kwanga chinasowa munthu woti anene kuti basi. Rock the Casbah ya 1982 nyimbo yake anaipeka Headon, n'kuimba yekha ng'oma, piyano ndi besi. Chaka chomwecho anamuchotsa chifukwa cha mankhwala a heroin, ndipo Jones anachotsedwa mu 1983. Chimbale chotsiriza, Cut the Crap cha 1985, chinkafuna kubwerera ku punk yoyambirira, koma ng'oma zake zambiri zinaimbidwa ndi makina. Strummer mwini wake anadzachikana, ndipo gulu linatha mu 1986.