Carnival si gule wa akuluakulu okha

Anthu ambiri akamva za Carnival amangoganiza za ku Rio de Janeiro, ku Brazil: ovina ovala nthenga, thupi lili pamtunda, mpaka mbandakucha. Ndiye kholo limangoti ana anga asaone zimenezo. Komatu Rio ndi mzinda umodzi chabe, ndipo chikondwererochi chinachokera ku Ulaya, cholumikizana ndi kalendala ya tchalitchi.

Chimatha Lachiwiri, mawa lake kuli Lachitatu la Phulusa, poyambira masiku 40 a Lenti. Kale m'nyengo imeneyi Akhristu ankasala nyama, mazira ndi mafuta, choncho banja linkafunika kumaliziratu zonsezo. N'chifukwa chake ku Britain mpaka lero amakazinga mapankeki Lachiwiri limenelo.

Ku Denmark mwambowu amautcha Fastelavn, ndipo eni ake ndi ana. Amavala ngati nyama kapena mafumu, n'kumasinthana kumenya mgolo wamatabwa wolendewera pachingwe mpaka utasweka, maswiti n'kukhuthukira pansi. Ku Cologne nako, mzinda wa ku Germany, Lolemba la sabata ya Lachitatu la Phulusa, ana amaima m'mbali mwa msewu atanyamula matumba, akukuwa kuti "Kamelle!" (kutanthauza maswiti), ndipo okwera pamagalimoto okongoletsedwa amawaponyera maswiti ndi chokoleti.